Header yatsopano, fungo la pulasitiki pokwera ku Chawe: kodi chimalata chija chinali ndi ntchito?

Bambo a Tadala: Mwaswera bwanji nonse pagulu pano. Ndabwera ndi nkhani koma musayambe ndi kundiseka. Corolla yanga ija ya AE110, ya injini ya 5A, manifodi yake (chitsulo chosonkhanitsa utsi wotuluka mu injini) inang'aluka mwezi watha. Ukailiza m'mawa imamveka "tchi tchi tchi" ngati makina osokera, ikatentha n'kusiya. M'malo mogula ina yachitsulo chokhuthala ngati yomwe inalipo, mnzanga wina wa ku Limbe anandinyengerera kuti nditenge header ya mapaipi onyezimira ija, akuti galimoto izikoka ngati yatsopano. Tinamanga Lachisanu. Chimalata chimene chimaphimba manifodi sichinakwanenso pa mapaipi atsopanowa, ndiye mnyamata amene amamangayo anati "ichi n'chokongoletsa chabe bwana," n'kuchiponya pa mulu wa zitsulo. Dzulo ndatenga banja kuti tikapitidwe mphepo ku Chawe. Tili pakati pa chitunda, mayi a Tadala akuti "mukumva kununkha?" Fungo la pulasitiki yopsa. Kuyang'ana geji ya kutentha, yakwera. Ndaima, kutsegula boneti, mawaya opita ku fani asungunuka, agwirana. Tinatsika pang'onopang'ono osafika n'komwe. Funso langa: vuto ndi header kapena chimalata chija?

Mesho wa ku Chikanda: Kkkkk pepani akulu, mwati tisaseke koma "n'chokongoletsa chabe" yandipha. Toyota angawononge ndalama kukongoletsa chinthu chokhala pansi pa boneti?

Anaphiri: Zikomo kuti munafika bwino ndi ana. Msewu umene uja si woti galimoto izikufera ndi banja m'kati.

Fundi wa ku Mpondabwino: Bambo a Tadala, vuto ndi zonse ziwiri koma lalikulu ndi chimalata. Pa 5A ndi 4A ekizozi ili kutsogolo, yayang'anizana ndi redieta. Pamenepo pali fani, pali mawaya ake, pali alternator chapambali, pali paipi ya madzi. Zonsezi zimakhala moyandikana ndi moto. Manifodi yakale ija ndi chitsulo chokhuthala, ndiye pamwamba pake anaikanso chotchinga. Inu mwachotsa chokhuthalacho, mwaika mapaipi opyapyala anayi amene atambasuka n'kuyandikira kwambiri redieta, kenako mwatayanso chotchinga. Kuzungulira m'tauni muno simukanaona kanthu msanga. Koma chitunda cha ku Chawe mumakwera ndi giya 2, injini ikulira kwambiri, galimoto ikuyenda pang'onopang'ono, mphepo yolowa kutsogolo ili yochepa. Ndi pamene zinthu zimapsa.

Bambo a Tadala: Ndinali pa giya 2 ndithu fundi, anthu asanu ndi katundu ku buti.

Aphunzitsi a ku Malosa: Ndiwonjezere pa zimene anena a fundi, poti ineyo choko ndi chimene chimandidyetsa. Utsi ukamatuluka mu injini ya petulo imene ikukoka katundu umatentha kufika madigiri 700, nthawi zina kuposa 800. Chitsulo chimayamba kufiira chikapitirira madigiri 500, ndipo mukanatsegula boneti usiku mukanaona mapaipiwo akuoneka ngati makala. Pomwe pulasitiki yokutira mawaya wamba a m'galimoto imapirira madigiri 100 kapena kuchepera. Ndiye onani kusiyana kwakeko.

Chimene ambiri sitimvetsa n'chakuti waya sufunika kukhudza paipi kuti upse. Taganizani za mbaula mu Juni. Simuigwira, koma mukakhala nayo pafupi masiku angapo miyendo imachita mbala. Wina akangoima pakati pa inu ndi mbaulayo, kutentha kumatha nthawi yomweyo ngakhale mpweya wa m'nyumba sunasinthe. Ntchito ya heat shield, chimalata chija, ndi imeneyo, kuima pakati. Imabweza kutentha kuja, ndipo mpata umene uli pakati pa iyo ndi manifodi umalola mpweya kudutsa. Mpatawo ndi theka la ntchito yonse. Chimalata chomatirira pa paipi sichithandiza kwenikweni, chimangotentha limodzi ndi paipiyo.

Mesho wa ku Chikanda: Aphunzitsi mwatibwezera ku Fomu 3.

Aphunzitsi a ku Malosa: Mukanamvetsera nthawi imeneyo bwenzi pano mukufotokoza ndinu.

Wa Hiace ya ku Jali: Ife a minibasi nkhani ya kutenthayi timaidziwa ndi matako. Injini ili pansi pa mpando. Chotchinga chikachoka pansi paja, amene wakhala kumbuyo kwa dalaivala mu Okutobala amafika pa Jali atapsa ngati mbatata. Ine changa chinkalira "ngwe ngwe ngwe" pa ma hump, kondakitala amati tichichotse, ndinakana. Mabowo a mabawuti anali atadyeka ndi dzimbiri, tinangoika mawashala akuluakulu, chinasiya kulira mpaka lero.

Fundi wa ku Mpondabwino: Eya, imeneyo ndiye njira yake. Zambiri zimatayidwa chifukwa cha phokoso basi. Washala wamkulu, kapena kilampu yachitsulo yozungulira paipi, nkhani yatha.

Madala a ku Domasi: Ana inu, ine ndayendetsa galimoto za boma zaka zambiri kuyambira nthawi imene Nyumba ya Malamulo inali kuno ku Zomba, ndipo ndikufunseni chinthu chimodzi. Kodi Corolla ya 1500 mukuithamangitsa kupita kuti? Kuchoka pa Chinamwali kufika m'tauni ndi njinga za kabaza zokhazokha, ma hump, ana a sukulu. Mzungu amene anapanga injiniyo anaiyeza. Safunsa anadya phula. Bwezerani manifodi yake ndi chimalata chake, mugone tulo.

Mesho wa ku Chikanda: Madala, si mzungu, ndi m'Japani kkkk. Komanso header imathandizadi, si bodza. Anthu a mipikisano sangamaike zinthu zopanda ntchito.

Madala a ku Domasi: A mipikisano samanyamula matumba a chimanga kuchokera ku Songani.

Aphunzitsi a ku Malosa: Nonse mukunena zoona, aliyense mbali yake. Header imagwira ntchito motere. Injini ya masilinda anayi imaphulitsa motsatana 1, 3, 4, 2. Silinda iliyonse ikatulutsa utsi, utsiwo umatuluka mwamphamvu ngati chibakera, ndipo kumbuyo kwake kumatsala kampata kokoka. Mapaipi akakhala otalika mofanana n'kukumana pamalo oyenera, kukoka kumeneku kumathandiza silinda yotsatira kutulutsa utsi wake wonse, ndiye mpweya watsopano umalowa wambiri. Manifodi yachitsulo chokhuthala imasonkhanitsa utsi wonse pafupi, zibakera zija zimagundana. Ndiye phindu lilipo. Koma pa injini yaing'ono imene simunasinthe china chilichonse, phindulo ndi laling'ono, loti ambiri amalimva ndi makutu osati ndi phazi. Phokoso likasintha munthu umaona ngati ukuuluka.

Bambo a Tadala: Apa mwandilasa aphunzitsi. Lachisanu madzulo ndinapita mpaka pa Thondwe kukaiyesa, ndimamva ngati ndagula galimoto ina.

Fundi wa ku Mpondabwino: Tatumizani chithunzi cha header yo. Mapaipi anayiwo akukumana onse pamodzi kapena awiriawiri kaye?

Bambo a Tadala: Onse anayi akulowa malo amodzi, pansi chakufupi ndi sampu.

Fundi wa ku Mpondabwino: Ndiye mwagula 4-1. Imeneyo imasangalala injini ikamalira pamwamba kwambiri, kumene inu simufikako n'komwe. Ya m'misewu yathu ino ndi 4-2-1, imene imaphatikiza silinda 1 ndi 4, kenako 2 ndi 3, ndiye ziwirizo n'kudzakumana kumunsi. Imeneyo imapereka mphamvu pakatikati, pamene mumayendera tsiku ndi tsiku ndi pokwera zitunda. China, 4-1 zambiri zimatsika pansi kwambiri. Tsiku lina mudzapita ku Kachulu kukagula nsomba, mudzaisiya pa mwala.

Mesho wa ku Chikanda: Koma fundi ine ndinamva kuti injini imafuna back pressure, kutanthauza kuti utsi uzitsekerezedwa pang'ono mu ekizozi, ukaitsegula kwambiri imafooka. N'zoona?

Aphunzitsi a ku Malosa: Mawuwo ndi olakwika ngakhale chimene anthu amaonacho chili choona. Injini sifuna kutsamwitsidwa. Chimene imafuna ndi kuti utsi uzithamanga. Paipi ikakula kwambiri utsi umayenda mwaulesi, kukoka kuja kumatha, ndiye galimoto imafooka ponyamuka. Zili ngati paipi yothirira dimba, mukaipana kukamwa madzi amafika patali. Ndiye amene amaika chipaipi chachikulu ngati cha lole pa Vitz akungogula phokoso.

Anaphiri: Ine ndifunse zanga poti nkhani yafika pamenepa. Sienta yanga ndikatsegula boneti sindiona ekizozi kutsogolo ngati mmene mukunenera. Ndiye kuti ine sizikundikhudza?

Fundi wa ku Mpondabwino: Zikukukhudzani kwambiri achemwali. Sienta, Probox, Corolla ya NZE, zonse za injini ya 1NZ, ekizozi ili kumbuyo kwa injini, kuyang'ana kumene mwakhala inu. Kumeneko mphepo sifika bwino, ndipo kuli mapaipi a mabuleki, kuli malabala a siteringi, kuli mawaya olowa m'kati. Chotchinga cha kumeneko musalole munthu achichotse. Komanso manifodi ya 1NZ inabwera kale ya mapaipi, si chitsulo chokhuthala ngati ya Bambo a Tadala, ndiye wina akadzakuuzani kuti mugule header mudzangomuthokoza n'kumapita.

Anaphiri: Mabuleki akukhudzidwa bwanji ndi ekizozi?

Aphunzitsi a ku Malosa: Brake fluid, mafuta a mabuleki aja, imawira mayi. Ya mtundu wa DOT 3 ikakhala yatsopano imapirira mpaka madigiri 205, koma imayamwa chinyezi, ndipo ikakalamba imatha kuwira pa 140. DOT 4 ndi 230 ikakhala yatsopano, 155 ikayamwa madzi. Ikawira mumakhala thovu m'paipi, mukaponda buleki phazi limangolowa mpaka pansi. Kutsika phiri lathuli mabuleki amakhala atatentha kale okha. Ndiye muwonjezerenso moto wa ekizozi pa paipi imene ili ndi fluid ya zaka zisanu osasintha.

Anaphiri: Mayo ine. Yanga sindinasinthepo chigulire.

Wa Hiace ya ku Jali: Potsika paja gwiritsani giya achemwali, osadalira phazi. Pamakhalanso anyamata a njinga za nkhuni, amatulukira pa kona mosayembekezera.

Wowotcherera wa ku Sadzi: Ndalowa mochedwa, ndimamaliza geti la munthu. Bambo a Tadala bwerani nayo mawa, ndikudulirani lata la nyumba, tipinde, tiphimbe. Mphindi 30 basi.

Fundi wa ku Mpondabwino: Ayi achimwene, lata la nyumba ayi.

Wowotcherera wa ku Sadzi: Bwanji? Ndapangira anthu ambiri.

Aphunzitsi a ku Malosa: Malata a nyumba amakutidwa ndi zinki, ndipo zinki imasungunuka pa madigiri 420. Inu nomwe mukudziwa utsi woyera umene umatuluka mukamawotcherera paipi ya galvanised, umene umakupatsani mutu ndi kuphwanya m'thupi usiku. Pafupi ndi header lata limenelo lisupuka, kenako dzimbiri, mvula ikangoyamba latha. Aluminiyamu ndi yabwino pobweza kutentha koma nayo imasungunuka pa 660, ndiye isakhudze paipi. Ikhale chapatali, kumbali ya chinthu chimene mukutetezacho.

Wowotcherera wa ku Sadzi: Za mutuzo ndiye zoona, timamwa mkaka.

Aphunzitsi a ku Malosa: Mkaka sungachotse utsi m'mapapo achimwene, wotchererani panja pamphepo.

Fundi wa ku Mpondabwino: Chimene ndimachita ine ndi ichi. Ndimapita kwa ogwetsa galimoto, ndimagula zotchinga zakale za pansi pa galimoto, zija zokhala ndi timabampu ngati chikwama cha mazira. Zinapangidwira ntchito yomweyi, zimapindika ndi manja, zimadulika ndi sizasi ya malata. Ndimaika chimodzi pakati pa header ndi fani, china kutchinga alternator, ndikusiya mpata wolowa chala pakati pa chotchinga ndi paipi. Mabulaketi ndi amene mungatithandize inu a ku Sadzi. Mawaya ndimawasuntha adutse kutali, ndikuwaveka kapaipi kosapsa. Osamanga ndi tizingwe tapulasitiki pafupi ndi moto, tidzaduka tsiku lomwelo.

Mesho wa ku Chikanda: Nanga bwanji osangokulunga mapaipiwo ndi wrap, nsalu yosapsa ija? Pa YouTube aliyense akukulunga, imaonekanso bwino.

Fundi wa ku Mpondabwino: Wrap imachepetsadi kutentha pansi pa boneti, sindikana. Koma kutentha kumene yatsekerako kumatsalira m'chitsulo. Header ikakhala ya stainless yeniyeni yokhuthala bwino imapirira. Koma zambiri zotchipazi ndi chitsulo wamba chongopaka zonyezimira. Zomba ndi wa mvula, kuyambira Disembala mpaka Malichi nsaluyo imangokhala yonyowa galimoto ikaima, ndiye dzimbiri limadya m'kati inu osaona. Mudzangomva yaboola. Ndiponso 5A zambiri zakale zimadontha oilo pa tapeti kava. Oilo akalowerera mu wrap, mwapanga chingwe cha koloboyi pa chitsulo chofiira.

Bambo a Tadala: Yangayo imadontha pang'ono kumene.

Fundi wa ku Mpondabwino: Ndiye wrap iwalani mpaka musinthe gasiketi. Ndipo tengani maginito mukayese header yo. Stainless ya 304 maginito sagwira kwenikweni. Akamata mwamphamvu ndiye kuti ndi ya 409 kapena chitsulo wamba.

Madala a ku Domasi: Kale tinkakulunga ndi chingwe cha asbestos.

Aphunzitsi a ku Malosa: Chimenecho ndiye musachiyandikire madala, fumbi lake limayambitsa khansa ya m'mapapo. Ngakhale wrap ya masiku ano ya fibreglass, valani magolovesi ndipo muinyowetse kaye, apo ayi mukanda thupi usiku wonse ngati mwagwira chitedze.

Mesho wa ku Chikanda: Palinso ceramic coating, chopaka pa mapaipiwo chopirira moto.

Fundi wa ku Mpondabwino: Ilipo, ndipo ndi yabwino kuposa wrap poti sisunga madzi. Koma yeniyeni amapopera ndi makina n'kuiwotcha mu uvuni, si ya m'chitini. Mtengo wake pa AE110 ndi ngati kuveka mbuzi suti.

Admin: Kkkk fundi. Tapitirizani koma osatukwanana, nkhaniyi ndiisunga ena adzawerenge.

Fundi wa ku Mpondabwino: Bambo a Tadala ndili ndi mafunso ena atatu. Sensa ya oxygen anaibwezera? Pali flexible, kapaipi kofewa kaja, pakati pa header ndi paipi yopita kumbuyo? Catalyst, chosefa utsi chija, ilipo?

Bambo a Tadala: Sensa anati palibe pomangira, anaimangirira pambali ndi waya. Check engine ikuyaka koma anati izima yokha. Flexible sindikudziwa. Catalyst anati yatsekeka, anaichotsa, anatsala nayo.

Wa Hiace ya ku Jali: Anatsala nayo! Akulu, mwadyeredwa masuku pamutu. Chija chili ndi platinum m'kati, anthu amagula ndi ndalama zabwino.

Fundi wa ku Mpondabwino: Check engine sizima yokha. Sensa ija ndi imene imauza kompyuta ngati petulo wachuluka kapena wachepa. Ikakhala panja ikununkhiza mphepo ya pa Chinamwali, kompyuta imangothira mafuta mongoganiza, ndipo kawirikawiri imathira ambiri. Ndi mmene petulo akuvutiramu, mwagula header kuti muzimwetsa galimoto. Mapulagi adzada, ndipo mafuta osapsa bwino amakapsera mu ekizozi, kutentha kuja n'kuwonjezeka. A ku Sadzi akuwotcherereni nati ya sensa pamene mapaipi onse akumana, kuti izinunkhiza masilinda onse anayi.

Za flexible, injini yokhala chopingasa imagwedera kutsogolo ndi kumbuyo mukamasintha giya. Popanda chofewa pakati, kugwedera konseko kumathera pa zowotcherera za header, ing'aluka ngati manifodi yanu yakale. Ndipo ekizozi yodontha kutsogolo si nkhani ya phokoso lokha. Utsi uja uli ndi carbon monoxide, ilibe fungo, imalowa m'kati kudzera mu fani, ana kumbuyo amangoyamba kusinza.

Wowotcherera wa ku Sadzi: Nati ya sensa ndili nazo, ndimadula ku mapaipi akale. Imeneyo ndiye ntchito yanga, musandikanizenso.

Anaphiri: Inu nkhani ya zotchinga za pansi ija yandikumbutsa. Chaka chatha ku maliro kwathu, galimoto ina anaiimika pa udzu wouma kuseri kwa nyumba, itangofika kuchokera ku Blantyre. Tili m'kati mwa nyimbo tinangoona utsi. Anyamata anaikankha n'kuzimitsa ndi nthambi. Mwiniwake ankati ndi anthu amuchita chipongwe.

Aphunzitsi a ku Malosa: Palibe anamuchita chipongwe. Catalyst imayamba kugwira ntchito ikatentha kupitirira madigiri 250 mpaka 300, ndipo paulendo wautali imafika kutali kuposa pamenepo. Udzu wa mu Okutobala suchedwa. Ngakhale mabuku a galimoto amachenjeza zoimika pa udzu wouma. Amene mumakwera kuphiri nyengo ino muziyang'ana poimika, mitengo ya paini ija moto ukayamba suzimitsika.

Madala a ku Domasi: Ndiye mwaona, mwazungulira monsemu mwabwerera pa mawu anga. Header, nati ya sensa, flexible, zotchinga, mawaya atsopano, gasiketi. Kuwerengera zonsezo, manifodi yakale kwa ogwetsa galimoto mukanagula ziwiri.

Mesho wa ku Chikanda: Koma kulira kwake madala, kulira kwake!

Madala a ku Domasi: Kulira kumene anthu a ku Chikanda sagona nako tulo kuja?

Fundi wa ku Mpondabwino: Kunena chilungamo, ikanakhala galimoto yanga yonyamula banja ndikanamvera madala. Koma poti header mwagula kale, itha kukhala, bola tichite zonse tanenazi. Pomanga tiyambire manati apakati kupita kunja, gasiketi yatsopano, ndipo ikayenda masiku awiri atatu mubwere tidzakungenso poti chitsulo chikatentha n'kuzizira manati amamasuka. Fani tiyese kaye ngati mota yake sinapse, ndi fyuzi yomwe. Musaiyendetse mpaka fani izizungulira, mungapsetse gasiketi ya hedi, nkhani n'kukula.

Wowotcherera wa ku Sadzi: Kapena tingolumikiza fani dairekiti izizungulira nthawi zonse, tichotsenso thermostat.

Fundi wa ku Mpondabwino: Achimwene, inu gwirani za nati ya sensa zija basi.

Admin: Kkkkkk nkhani ya thermostat tinakangana kale mwezi watha, musaidzutse.

Bambo a Tadala: Zikomo nonse, ndaphunzira zambiri ndipo manyazi andigwira. Mawa m'mawa ndipita kaye kumene ndinamangitsa kuja ndikatenge catalyst yanga ndi chimalata.

Bambo a Tadala: Ndabwerako. Maginito amata mwamphamvu pa header ija, moti ndinachita kukoka ndi manja awiri. Catalyst akuti "bwana anaitenga, abwera masana," ndadikira mpaka 2 koloko osaoneka. Chimalata ndachipeza, koma osati pa mulu paja. Mayi wina wogulitsa pafupi pomwepo amakazingirapo mtedza. Ndachita kuwagulira chiwaya kuti andibwezere.

Anaphiri: Kkkkk ndiye mwati chinalibe ntchito?

Fundi wa ku Mpondabwino: Bwerani nacho pamodzi ndi manifodi yakale ija ngati simunataye, ndione pamene inang'alukira. Koma galimotoyo muchite kukoka, musailize.

Bambo a Tadala: Manifodi ili kunyumba, mayi a Tadala amatsekera khola la nkhuku. A ku Jali, muli ndi chingwe chokokera?

Wa Hiace ya ku Jali: Chilipo, ndikatsitsa anthu a 4 koloko ndikupezani pa Chinamwali.